Achemwali Anga ndi Mwala wa Chipumi

Achemwali anga amasoka masofa. Malo awo a ntchito ali kuseri kwa sitolo ya zitsulo, m'kanjira kopapatiza komwe lole yanga imalowa chammbuyo mokhula makoma. Ukangolowa umayamba wamva fungo la guluu ndi la nsalu zatsopano, kenako maso akazolowera m'pamene umaona mipando yosendedwa ili chagada, miyendo m'mwamba, masipuling'i ali pamtunda ngati nthiti. Pakona pali mulu wa siponji wofika kudenga. Iwo amakhala pakati pa zonsezi, timisomali tili kukamwa, hamala ili m'manja, ndipo ukawafunsa kanthu amayankha ndi mphuno mpaka timisomalito tithe.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo athu. Ine bambo anandilephera, poti singano ndinkaibaya pachala m'malo mwa pansalu, ndiye ndinathawira ku chiwongolero. Bambo atamwalira, anthu ankati basi malo aja atsekedwa. Achemwali anangotola hamala ya bambo n'kupitiriza sofa yomwe anaisiya pakati. Ana awo awiri anakulira pamulu wa siponji womwewo. Amuna awo, alamu anga, amakonza mawailesi ndi ma TV. Ndi munthu wofatsa, woti akafuna kukwera pampando kuti asinthe babu amayamba waitana wina adzaugwire.

Ana atakula n'kuchoka pakhomo, tsiku lina pamalo a ntchito paja panafika bambo wamtali wovala magalasi, atabereka chinthu chachikulu ngati chitseko chopinda pakati. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira sofa yoti ndikapereke. Bamboyo anatula katundu wake n'kumutambasula. Anali matiresi, koma olimba kwambiri, okhala ndi malamba oberekera, ndipo mbali imodzi anali atang'ambika, siponji ikusuzumira.

"Mungandisokere awa, mayi?"

Achemwali analavulira timisomali m'dzanja. "Kusoka ndisoka. Koma inu mumagona pa chimenechi? Msana suwawa?"

"Sitigonapo ayi. Timagwerapo."

"Mumatani?"

Bamboyo anaseka n'kufotokoza. Anati ndi dokotala wa mano, ndipo masiku opuma amapita ndi anzake kunja kwa tauni komwe kuli miyala ikuluikulu. Kumeneko amakwera miyalayo popanda chingwe, ndi manja ndi mapazi basi, matiresi atayala pansi kuti munthu akaphonya asagwere padothi.

"Ndiye pamwamba pa mwalapo pamakhala chiyani?" anafunsa achemwali.

"Palibe."

"Nanga mukafikapo mumatani?"

"Timatsika."

Achemwali anandiyang'ana. "Wamva, chimwene? Anthu ali ndi mavuto m'dziko muno."

Komabe matiresi aja anawavutitsa maganizo. Anawatembenuzatembenuza, n'kunena kuti sangasoke bwino chinthu chomwe sanaone mmene chimagwirira ntchito. Tsiku lopuma litafika anandikakamiza kuti ndiwatengere kumeneko.

Malowo ali kupitirira nyumba zomaliza, pomwe tala amathera. Ndi chigwa cha udzu wautali ndi mitengo yaminga, ndipo miyala ili mbwee, ina ngati ng'ombe zogona, ina ngati nyumba. Tinapeza adokotala ndi anzawo ochepa, manja ali mbuu ndi choko, atavala tinsapato tothina ngati ta ana. Achemwali anakhala pamthunzi n'kumayang'ana matiresi okha, mmene akunyukira munthu akagwerapo. Koma patapita nthawi ndinaona kuti maso awo akwera, akutsata manja a anthu pamwala.

"Tayesani, mayi," anatero adokotala. "Kano n'kafupi."

Achemwali anavula nsapato, napukuta manja pa ovololo, n'kugwira mwala. Munthu woti wakhala moyo wake wonse akukoka chikopa ndi nsalu zolimba amakhala ndi zala ngati pulayala. Anakwera pang'ono, mapazi anatereka, ndipo anagwa phii ndi matako, pamsoko wawo womwe.

"Msoko wagwira!" anakuwa ali chagada, akuseka mpaka misozi. Kenako anadzuka n'kugwiranso mwala uja. Pobwerera zala zinali zitasupuka, koma njira yonse ankangondiuza kuti akanaponda kumanzere bwenzi atafika.

Kuyambira pamenepo tsiku lopuma linasanduka la kumiyala. Anagula tinsapato tothina tija, anadzisokera kathumba ka choko ndi chidutswa cha nsalu ya sofa, ndipo anayamba kupanga okha matiresi ogwerapo, abwino kuposa ogula. Anzawo aja anawapatsa dzina loti Nalimata, chifukwa ankamatirira pamwala mwakachetechete, osabuula ngati azibambo. Ine ntchito yanga inali yonyamula matiresi palole ndi kuwakha. Wowakha amaima pansi manja ali m'mwamba. Sikuti munthu akagwa umamulandira ngati khanda, mungathyokere limodzi. Umangomukankha mapewa kuti agwere pamatiresi ndipo mutu usamenye pansi. Alamu ankati zonsezi ndi misala ya ukalamba, koma ankawanyowetsera mchere m'madzi ofunda kuti aviike zala.

Zaka zinapita akukwera miyala yaifupi, yoti ukagwa umadzuka n'kusasa fumbi. Koma kumapeto kwa chigwacho kuli mwala wina umene aliyense ankaudutsa mwaulemu. Ankautcha Chipumi, chifukwa chakumwamba unatupa n'kutulukira kunja ngati mphumi ya munthu wokwiya. Kutalika kwake n'kopitirira nyumba yosanja. Chakumunsi n'kosavuta kwenikweni, ndipo pansi pa chotupacho pali kashelefu kopapatiza komwe munthu amatha kuima n'kupuma. Pamenepo m'pomaliza kusintha maganizo. Ukangodutsa chotupacho, kubwerera kulibe, poti mapazi saonanso popondera, ndipo ukagwa kuchokera pamenepo matiresi amangochepetsa tsoka, salichotsa.

Sindidziwa tsiku lomwe mwalawu unalowa mumtima mwa achemwali. Ndinangozindikira kuti tikamadutsa amachedwa, khosi lili m'mwamba.

Adokotala, omwe nawonso ankaufuna, anawaphunzitsa njira yake. Kumbuyo kwa Chipumi n'kotsetsereka, munthu amatha kukwera choyenda. Ankamanga chingwe pamtengo wa pamwamba n'kumalendewera kutsogolo kwa mwalawo, kuphunzira pogwira paliponse ndi popondera paliponse ali otetezeka. Timing'alu ankatitsuka ndi miswachi yomwe adokotala ankabweretsa yodzaza thumba. Achemwali ankati mwala umenewu uli ndi mwayi, umatsukidwa mano ndi katswiri pomwe ena tonsefe timadikira pamzere. Patapita miyezi ankatha kukwera kuchokera pansi mpaka pamwamba chingwe chili lendee, osachikoka n'kamodzi komwe.

"Thupi lakonzeka, mayi," anawauza adokotala. "Chatsala ndi mutu. Koma umenewo palibe amene angakuyezereni."

Ulendo woyamba woyesa popanda chingwe unabadwa ndi mkangano. Alamu anaona chithunzi cha mwalawo pafoni, achemwali akuoneka ngati kanyerere pakhoma. Munthu wosakweza mawu uja anakweza mawu. Anati mayi woti posachedwa akhala ndi zidzukulu asamachite zinthu ngati nyani, ndipo iwo sakufuna kuti anthu azidzawaloza mumsewu kuti uyo mkazi wake anafera pamwala. Achemwali sanayankhe. Mmawa mwake anandiimbira foni kuti ndibwere ndi lole.

Titayala matiresi anamanga nsapato mokoka ngati akufuna kudula zingwe zake, ndipo anayamba kukwera mwaliwiro lomwe sindinawaonepo nalo. Atafika pakashelefu paja anaima. Anatambasula dzanja kufuna pogwira pa chotupacho, nalibweza. Anatambasulanso, nalibwezanso. Kenako mwendo wakumanja unayamba kugwedezeka wokha, mpaka ine pansi ndinkaona ovololo ikunjenjemera.

"Achemwali, muli bwanji uko?"

"Khala chete, iwe!"

Ndinakhala chete, manja ali m'mwamba. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo atafika pakati anadumpha n'kugwera pamatiresi bwinobwino. Anagona chagada akuyang'ana kumwamba.

"Ukudziwa zomwe ndimachita pamenepo?" anatero mpweya utabwerera. "Ndimakangana ndi alamu ako. Ndimawayankha zonse zomwe sindinawayankhe dzulo. Dzanja likufuna pogwira, mutu uli kukhitchini. Ndikanadutsa pachotupapo ndili choncho, bwenzi ukundinyamula."

"Ndiye mwausiya?"

"Lero ndausiya."

Kwa adokotala zinapita mwina. Nyengo yozizira itafika, pomwe mwala sutereka ndi thukuta, kunabwera alendo okwera miyala ochokera kutali, ena ali ndi makamera. Anamva za Chipumi ndipo anafuna kuona munthu akuukwera. Adokotala anali ataukwera ndi chingwe kambirimbiri, ndipo mwa onse a m'chigwamo iwo ndi amene anali katswiri. Anavomera. Ine ndi achemwali tinaima pansi kuwakha.

Anakwera bwino mpaka pakashelefu, osapuma n'komwe, n'kulowa pachotupa. Dzanja loyamba linagwira. Lachiwiri linapita pamalo olakwika, pambali pang'ono chabe pa kamng'alu komwe anakatsuka okha ndi mswachi. Ndinaona zala zikufufuza, mapazi akupalasa mwala, kenako thupi lonse linachoka. Achemwali anawakankha mapewa ndi mphamvu zawo zonse, mutu n'kugwera pasiponji. Koma phazi limodzi linalowa pampata wa pakati pa matiresi awiri, ndipo tonse tinamva thyo, ngati nkhuni youma.

Tinawanyamulira pamatiresi omwewo mpaka palole. Achemwali anakhala nawo kumbuyo, atawagwira mutu, dzanja la achemwaliwo nalonso likutupa. Kuchipatala anati chidendene chaphwanyika ndipo kakolo wathyoka.

Zitatero achemwali anapachika tinsapato tawo pamsomali kuseri kwa chitseko. Masiku opuma ankatsegula malo a ntchito n'kumasoka. Mpata uja unawadya mumtima, poti matiresiwo anasoka ndi iwo, ndipo anakhala milungu akuyesa zophimba zomata kuti matiresi akagundana pasatsale polowa phazi. Anayamba kupsa mtima ndi zazing'ono. Kasitomala wina atadandaula za mtundu wa ulusi, anamutulutsira mpando wake panja. Alamu, omwe zofuna zawo zinali zitachitika, sankaoneka osangalala. Tsiku lina anandikokera pambali n'kunena kuti, "Alamu, achemwali anuwa panyumba akungokhala ngati wailesi yopanda mabatire."

Ndine ndinauza achemwali kuti tikazonde adokotala. Tinawapeza pakhonde, mwendo uli m'chikhakha, atausanjika pampando, ndodo zoyendera zili pambali. Achemwali anayamba ndi kupepesa za mpata uja, koma adokotala anawadula.

"Mayi, pakanapanda inu bwenzi pano mukuzonda manda. Za matiresi zisiyeni. Ine ndinagwa ndisanayambe kukwera."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndikumanga nsapato ndinkaganiza za anthu aja, kuti abwera kuchokera kutali, kuti ndikakana aziti chiyani. Kukamwa kunauma gwa. Ndinadziuza kuti ndi mantha wamba, atha ndikayamba. Pakashelefu paja sindinapume chifukwa ndinkaopa kuti ndikaima ndimva zomwe mtima ukunena."

Achemwali anayang'ana chikhakha chija. "Nanga munthu amadziwa bwanji kuti lero ndi lero?"

Adokotala anaseka n'kugogoda chikhakhacho ndi chala. "Ndikanadziwa bwenzi ndavala ichi? Chomwe ndikudziwa n'chakuti tsiku lomwe si lako umalidziwa. Vuto ndi kulimvera."

Pobwerera achemwali anandiuza kuti tidutse kumalo a ntchito. Analowa n'kutuluka ndi tinsapato tija.

Sanathamangire ku Chipumi. Anabwerera ku timiyala ta oyamba kumene, n'kumaphunzira kugwa. Ankakwera pang'ono n'kudzitaya dala, mawondo opinda, manja pachifuwa, n'kugubuduka. Kenako ankakwera pamwamba pang'ono n'kudzitayanso. Masiku oyamba ankatseka maso n'kukuwa. Pang'onopang'ono anayamba kugwa maso ali tong'o, akuona pomwe akukagwera. Atatero anabwerera pachingwe, n'kuyambiranso Chipumi ngati sanaugwirepo.

Kenako inafika nyengo yomwe inandiyesa ine. Ankandiimbira kuti tipite. Ndinkasenza matiresi onse kuchokera palole mpaka kumapeto kwa chigwa, minga ikundikala, n'kuwayala, n'kumata zophimba zija. Iwo ankavala nsapato, kupaka choko, kuika manja pamwala, n'kuima choncho. Kenako ankati, "Pinda, tizipita." Tsiku lina anati mphepo. Tsiku lina anati sanagone bwino. Tsiku lina sananene chifukwa chilichonse.

"Achemwali," ndinadandaula tsiku limenelo, "ine msana wanga si wa bulu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati mukuopa ingonenani, tizikhala kunyumba."

"Kuopa ndikuopa, ndipo sindidzasiya," anandiyankha akumasula nsapato. "Ukaona munthu waima pansi pa mwala uwu osaopa, umugwire mwendo. Koma mantha alipo awiri, chimwene. Ena amakutsegula maso, umaona kamng'alu kalikonse, umamva mpweya wako. Ena amakufinya, umagwira mwala ngati ukuupotokola khosi, manja n'kutopa usanafike pakati. Ndikaika manja apa ndimakhala ndikumvetsera kuti abwera ndi ati."

"Ndiye lero abwera ati?"

"Lero kwabwera ena achitatu. Ndimafuna ndikwere kuti iwe usiye kudandaula."

Ndinapinda matiresi.

Chinthu chomaliza chomwe anachita sindinachiyembekezere. Anatenga alamu n'kupita nawo kumiyala. Alamu anatsika m'lole atavala nsapato zawo zopolisha, akuponda udzu mosamala ngati muli njoka paliponse. Atafika pansi pa Chipumi anakweza mutu, n'kugwira chipewa kuti chisagwe. Achemwali anawasonyeza njira yonse ndi kamtengo, pogwira ndi popondera, osabisa kanthu.

"Mukagwa muli apo?" anafunsa alamu, akuloza pakati.

"Ndidzuka n'kuseka."

"Pakashelefupo?"

"Mwina kubinya phazi."

"Nanga pamwamba pa chotupacho?"

"Mwendo ngati adokotala. Mwina msana. Mwina kuposa pamenepo, bambo. Sindikunamizani."

Alamu anakhala pamwala wina waung'ono, n'kumapukuta magalasi awo ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Nditati musakwere, mudzandisungira chakukhosi?"

"Ayi. Ndikhoza kuusiya."

"Zoona zimenezo, mayi?"

Achemwali anauyang'ana mwala uja kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Mukanandifunsa chaka chatha bwenzi ndikunama. Nthawi ija ndinkaufuna ngati munthu wa ludzu. Pano ndimaufuna, koma ndikapanda kuukwera ndidzakhalabe ine ndemwe. Ndingathe kuusiya."

Alamu anavalanso magalasi. Anadzuka n'kuyendayenda pomwe timayala matiresi, akugogoda dothi ndi chidendene. Anaima pa kansonga ka mwala kotuluka m'dothi, komwe ife tinkangokaphimba ndi siponji. Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la malaya, nagwada ndi buluku lawo lositasita, n'kuyamba kukumba.

"Ngati n'kugwa, musagwere pa aka," anatero osadzutsa mutu.

Kansongako kanali mutu chabe wa chimwala chokwiririka. Tinatha masana onse tikukumba ndi jeke ndi chitsulo cha matayala, ndipo alamu anabwerera kunyumba zikhatho zili matuza okhaokha.

Tsiku lenilenilo linalibe chizindikiro. Kunali kozizira, kopanda mphepo, kumwamba kuli mitambo yopyapyala. Tinalipo ine, alamu, ndi adokotala omwe tsopano ankayenda motsimphina ndi ndodo imodzi. Panalibe kamera. M'lole achemwali ankacheza za kasitomala wina yemwe mphaka wake anang'amba sofa yatsopano, n'kumaseka. Ine ndinali nditakonzeka kale kumva kuti pinda tizipita.

Anayamba ndi timiyala tating'ono kuti thupi litenthe. Kenako anayendera matiresi onse okha, akuponda pamalumikiziro. Anandiimika pomwe ankafuna, adokotala n'kuwaika chapatali kuti aziona mapazi. Anapukuta pansi pa nsapato ndi chikhatho mpaka mphira unalira. Anaika manja pamwala n'kuima monga mwa masiku onse. Ndinaona mapewa awo akutsika pamene ankatulutsa mpweya.

"Chimwene, maso," anatero motsitsa mawu, ndipo phazi linachoka pansi.

Anakwera mosathamanga, phazi lililonse akuliika kamodzi basi. M'chigwa monse munali zii, moti ndinkamva mpweya wawo ndi kukhula kwa mphira pamwala. Atafika pakashelefu anaima. Anagwedeza dzanja limodzi kuti magazi ayende, nalilowetsa m'kathumba ka choko, kenako linalo. Anayang'ana pansi, pamatiresi, pa ine, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuyeza nsalu asanaidule. Mwendo unali phee. Anakhala pamenepo mpaka ndinayamba kuganiza kuti atsika, ndipo kunena zoona ndinkapemphera kuti atsike.

Dzanja lamanja linakwera n'kulowa m'kamng'alu. Lamanzere linatsatira. Thupi linatulukira kunja kwa chotupa, msana uli kwa ine, pansi pawo pali mphepo yokha. Anakweza phazi lamanzere kuliika pa kanthiti kakang'ono ngati m'mphepete mwa khobidi, n'kuyamba kuimirira.

Phazi lija linatereka. Ndinamva fwee, ndipo mwendo unalendewera m'malere. Timiyala ndi fumbi la choko zinandigwera kumaso. Achemwali sanapalase mwala, sanafulumire. Anakhala akulendewera pa zala zawo zija, anatulutsa mpweya wautali womwe tonse tinaumva, anayang'ana kanthiti kaja, n'kubwezerapo phazi pang'onopang'ono ngati akulowetsa ulusi pasingano. Anaimirira. Dzanja linapeza pogwira papakulu pamwamba pa chotupa, kenako bondo, kenako anasowa m'maso mwanga.

"Afika," anatero adokotala. "Tsitsani manja, achimwene, afika."

Manja anga anakana kutsika. Ndinachita kubwerera m'mbuyo kuti ndiwaone. Anali atakhala pamwamba, miyendo atatambasula, osakuwa, osakweza manja. Ankangopuma, akuyang'ana kutali komwe kumaoneka madenga a tauni.

Nditatembenuka kuti ndigwire alamu chanza, ndinapeza atakhala pansi, atafulatira mwala, chipewa ataphimba nacho nkhope.

"Alamu, afika!"

"Ndamva."

"Simunaone?"

"Ndinaona mpaka pakashelefu. Zinazo mudzandiuza."

Achemwali anatsikira kumbuyo kuja, akutsetsereka ndi matako, nsapato zili m'manja. Atafika pansi m'pamene thupi linayamba kunjenjemera, mano akugundana ngati munthu wa malungo. Alamu anavula jekete n'kuwafunditsa. Adokotala anawafunsa kuti phazi litatereka anaganiza chiyani.

"Palibe," anayankha. "Ndinaona kuti phazi lachoka, ndiye ndinalibwezera."

"Nanga munadziwa liti kuti lero mukwera?"

"Pakashelefu. Ndinadzifunsa ngati ndingatsike osadandaula, mtima unati eya. Ndinadzifunsa ngati ndikudziwa chochita pamwambapo, unatinso eya. M'mutu munalibe munthu wina aliyense. Ngakhale inu, bambo, munalibemo, mundikhululukire."

"Zikomo pondisiya kunja," anatero alamu. "Ine kumeneko sindikanakwanako."

Chipumi sanaukwerenso popanda chingwe. Anthu atamva anayamba kuwauza za miyala ina yaitali ya kumadera ena, koma iwo amangoti imeneyo ndi ya eni ake. Amapitabe kuchigwa masiku opuma, kumiyala yaifupi, ndipo obwera kumene akafuna wowakha amasankha iwo. Ndinawaonapo akumugwira paphewa bambo wina wamphamvu zake yemwe anali atavala kale nsapato pansi pa Chipumi, n'kumufunsa motsitsa kuti akukwerera ndani. Bamboyo anakwiya, koma tsiku limenelo anakwera miyala ina.

Za ulendo wobwerera tsiku lija ndimazikumbukira bwino. Tinathithikana atatu kutsogolo kwa lole, adokotala atatsogola pagalimoto yawo. Tisanafike n'patala pomwe, achemwali anali atagona, kukamwa kuli yasa, mutu uli paphewa la alamu. Alamu anatenga dzanja lawo limodzi n'kumaliyang'ana, zala zosupuka, choko chili m'zikhadabo, magazi pang'ono pachala chapakati. Titayandikira mphambano anandikodola.

"Alamu, dzerani njira yakumtunda," ananong'ona. "Iyi ili ndi maenje, muwadzutsa."

Njira yakumtunda ndi yozungulira kwambiri, koma ndinakhotera komweko.